Ndinayeza purosesadoro ndi kachingwe ngati phazi la mwana

Aphungu,

Ndikulemba uku ndikuseka. Zilembo zikakhota mundikhululukire, ine sukulu ndinalekera mu setima, kalasi yachisanu ndi chiwiri, komanso mwana wanga Pililani ali kumsana ndipo akulimbirana nane kaneta yolemberayi. Ndikangomaliza ndijambula pepalali pa telefoni ndikutumizireni, chifukwa nkhani yake siyodikira.

Amuna anga a Dinis ankagwira ntchito ku mgodi wa malasha kuno ku Moatize. Ankathandiza okonza matayala a zimagalimoto zija zotalika kuposa nyumba. Chaka chatha ntchito inawathera pamodzi ndi anzawo ambiri. Koma sanakhale chogwira tsaya ayi. Analembetsa maphunziro a pa intaneti a zachitetezo cha pa ntchito, kuti akadzabwerera ku mgodi adzapite ndi pepala m'manja. Miyezi isanu ndi itatu akhala akuwerenga. Mayeso omaliza ndi Lolemba likubwerali, ndipo alembera pakhomo pompano, pa kompyuta, kamera ili choyaka kuti aphunzitsi aziwaona. Pa telefoni salola. Kompyuta ikazima pakati pa mayeso, basi, mpaka chaka cha mawa.

Kompyuta yake ndi kakang'ono, Aphungu, kukula ngati Baibulo la akatekista, kamangobisala kuseri kwa sikirini. Masabata apitawa kanayamba matenda. Akayatsa kamera kamalira fwiii ngati ndege ikunyamuka ku Chingodzi, kenako chithunzi chimauma, mphunzitsi n'kutsala kukamwa kuli yasa. Tsiku lina ndinawamva akudandaula okha kuti, "Purosesadoro iyi yatopa. Ikanakhala yamphamvu..." Ndinafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Anati, "Ndi ubongo wake, mayi a Pililani. Kachitsulo kakang'ono, koma zonse zimaganizidwa mmenemo."

Lachisanu lapitali anapita ku Mualadze kukakhomera amayi awo denga limene mphepo inasasula. Abwera Loweruka. Atangokhota pa ngodya ine mtima unati phaa! Ndinadziuza ndekha kuti Rosita, bambowa amakuona ngati wa matewera ndi mapoto basi, lero uwaonetse. Akabwere apeze kompyuta ikuthamanga ngati njinga yamoto.

Ndinaonera mavidiyo atatu pa telefoni, ndinazula mawaya onse, n'kutsegula ndi kampeni kosendera mbatata. Aphungu, munaonamo mkati mwa kompyuta? Ndi mokongola! Muli timisewu, tinyumba, timathanki ta madzi, ngati bairo yonse ukuionera pamwamba pa phiri. Ndinakhala pa mphasa kumangoti eee, eee, ndekha ngati wamisala. Chisiyireni sukulu palibe chinthu chinandithamangitsa mtima chonchi.

Koma uve wake! Fumbi la malasha lomwe lija timasesa pa khonde kawiri pa tsiku, lomwe limadetsa matewera ali pa chingwe, linali litalukana pa kafani ngati bulangete. Ndinalichotsa ndi mswachi wakale, linatuluka lodzaza dzanja. Nditamasula kafaniko ndi chitsulo chake ndinaupeza ubongo uja, kachitsulo ka makona anayi. Pamwamba pake panali zinthu zotuwa zouma ngati phala logona. Ndinati ichi ndiye chinyansi chenicheni, ndinapukuta mpaka kanawala ngati supuni ya alendo. Panaoneka zilembo, ndipo pano ndikukopera bwinobwino: i3-4130T.

Tsopano mumve pamene panalowa nzeru za kwathu. Ine ndine wa ku Zóbuè. Kwathu mayi akafuna kugulira mwana nsapato sanyamula mwanayo kupita naye mu msika. Amayeza phazi ndi kachingwe, kumanga mfundo, n'kuwonjezera chala chimodzi kuti mwana akuliremo. Amayi anga atilera asanu ndi kachingwe, palibe anavalapo nsapato yothina. Ulendo wa ku Zóbuè ndinali nawo kale, wokaona amayi ndi kukagulira Pililani nsapato zake zoyamba, poti wayamba kuyenda chogwira mipando. Kunyamula ubongo wa kompyuta mu shapa, minibasi zathu zija, ndinaopa kuti ungagwe kapena kubedwa. Ndiye ndinayeza. Kachingwe kofiira phazi la Pililani, kobiriwira purosesadoro, mlitali ndi mlifupi, mfundo zolimba. Ndinadzitama njira yonse.

Pafupi ndi malire pali bambo wina, a Amade, amagulitsa zamkati mwa makompyuta akale. Ndinafika monyada n'kuponya kachingwe pa tebulo. Anakatambasula, anandiyang'ana, anati, "Mana, purosesadoro yaitali chonchi sinapangidwe. Kompyuta yanuyo ili ndi zala?" Ndinali nditatulutsa kofiira! Anthu a pa benchi anaseka mpaka wina anatsamwa ndi chimanga chootcha. Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani. Nditatulutsa kobiriwira anafunsa, "Nambala yake munalemba?" Ndinati ayi. "Nanga soketi yake ndi yanji?" Ndinaloza kachingwe, ndinati, "Soketi yake ndi imeneyo, tiyu Amade."

Anapukusa mutu, koma anakhuthula kabokosi pa tebulo, tinayamba kuyeza. Aphungu, pafupifupi zonse zinakwana ndendende! Ndinati mwaona, kachingwe sikanama. Ndiye poti kukula n'kumodzi, chala chowonjezera chija ndinati ndichiike pa nambala, kompyuta ikuliremo. Maso anga anagwera pa ina yolembedwa i7-7700. Maseveni atatu! Ine wa setima! Ndinati iyi Mulungu anandisungira. A Amade anati, "Ine sindikulonjeza kanthu popanda nambala. Ikakakana musaikakamize. Mukaibweza yosakandika ndidzakusinthirani." Ndinangoti eya, eya, makutu ali kale ku Moatize. Ndinaikulunga m'kasokosi ka mwana n'kuibisa pa chifuwa, ndipo mu shapa ndinaimba nyimbo za kwaya kuyambira pa Zóbuè mpaka pa Kapirizanje, mpaka kobradoro wotolera ndalama anati, "Mayi, mwawina chiyani?"

Dzulo m'mawa ndinayala kapulana, chitenje choyera, kusamba m'manja kawiri, n'kuiika pa malo pake. Aphungu, yakana. Ikulowa koma siikukhala. Mbali imodzi yatukuka ngati chivindikiro cha poto wina. Nditayang'anitsitsa ndaona kuti yakale ija ili ndi timipata tiwiri m'mbali, ndipo pa malo pake pali timano tiwiri tolowa m'timipatamo. Yatsopanoyi timipata ili nato, koma tasuntha pang'ono, pang'ono zedi, ngati kukula kwa njere ya mapira. Kachingwe kanga sikanaone zimenezo. Ndinayamba kutsitsa kachitsulo kotsekera kaja, kanalimba, ndipo ndinali pafupi kukanikiza ndi chala chachikulu pamene Pililani anagwa ndi mpando n'kulira. Ndinathamangira mwana. Pobwera sindinayesenso.

Mana Noémia, oyandikana nawo nyumba, amene amakazinga mabajiya pa msewu, anabwera kudzaona. Anati, "Vizinya, ukulira chiyani? Nsapato ikathina timaiboola kutsogolo chala chipume. Tenga chopalira zikhadabo upale timipatato, ilowa imeneyo." Nditawauza za phala lotuwa lija, poti pa vidiyo ina ndaona kuti anthu amachita kulipaka dala, anati, "Paka mankhwala otsukira mano, ndi ozizira bwino, sukumva m'kamwa?" Chopaliracho andibwereka, chili pano pa mphasa chikundiyang'ana.

Ndiye pano kompyuta ya a Dinis ili chotsegula ngati nkhuku yotumbula. Ubongo wakale uli m'chitini cha mkaka, watsopano uli m'kasokosi, timasikuluwu tili m'mbale ya tiyi. Ndikaganiza za maseveni anga ndimaseka. Ndikaganiza za Lolemba kuseka kumathera pomwepo. A Dinis si munthu wokalipa, sanandikwezerepo dzanja kapena mawu. Iwo akakhumudwa amangokhala chete n'kumayang'ana pansi, ndipo chete ameneyo ndi amene ndikumuopa. Miyezi isanu ndi itatu, Aphungu, munthu akuwerenga mwana akumukwera pa msana. Akaimba madzulo ndimangoti, "Kuno zonse zili bwino."

Ndipale kapena ndisapale? Ngati iyi siyake, yake ndi iti, ndipo munthu amaidziwa bwanji popanda kachingwe? Ndingathe kukonza Loweruka lisanafike kuti asadziwe? Dzina langa mulibise. Enawo alembeni, alibe mlandu.

R.A., Bairro 25 de Setembro, Moatize

*

Mayi a Pililani,

Choyamba, nyamulani chopalira zikhadabocho mukabweze kwa mana Noémia musanawerenge mzere wachiwiri. Muwathokoze, mugule mabajiya awiri, koma za kompyuta musawafunsenso. Mwabwera? Tiyeni.

Kalata yanu ndaidumphitsa pa mzere chifukwa cha Lolemba, komanso chifukwa yandiseketsa mpaka anzanga muno mu ofesi anabwera kudzafunsa. Musachite manyazi. Amuna ambiri amene amandilembera za makompyuta sanatsegulepo n'kamodzi komwe. Inu mwatsegula, mwazula kaye mawaya, mwasunga timasikuluwu pamodzi, ndipo pamene chinthu chinakana munaleka. Pililani mumugulire bisiketi, kugwa kwake kwapulumutsa mayeso a bambo ake.

Kachingwe kanu sikananame. Mapurosesadoro a mtundu umenewu, a zaka zosiyanasiyana, kunja ndi ofanana ndendende. Kusiyana kuli kunsi. Tembenuzani muone timadontho tagolide. Kadontho kalikonse kamayenera kugunda kawaya kake pa malo paja, pamene a Amade anapatchula kuti soketi. Yakale ija ndi ya soketi yotchedwa 1150, ya maseveni anu ndi ya 1151. Manambala ayandikana, koma timadonthoto tinayalidwa mosiyana. Timano tiwiri tija anatiika dala kuti tikanize munthu wolakwitsa, ndipo tagwira ntchito yake. Mukapala, ilowadi, koma siiyaka, ndipo mwina ipsereza chibolodi chonse, chija cha timisewu ndi tinyumba. Pamenepo mudzakhala mutataya kompyuta, ndiponso a Amade sadzalandira chinthu chopalidwa.

Muyeso weniweni ndi zilembo zija munakopera. Pa i3-4130T, musathamangire 3 woyambayo. Yang'anani nambala yoyamba pambuyo pa kamzere. Ndi 4. Umenewo ndi m'badwo wake, ndipo kompyuta yanu imalandira a m'badwo wachinayi basi. Ya 7700 ndi ya m'badwo wachisanu ndi chiwiri. Kenako yang'anani chilembo chakumapeto, T. Chimatanthauza kuti purosesadoroyo imadya magetsi ochepa ndipo siitentha kwambiri. Anaipangira timakompyuta tating'ono ngati kanuko, ta kafani kamodzi ndi kachaja kochepa mphamvu. Ya maseveniyo imadya pafupifupi kawiri. Ngakhale ikanalowa, m'kabokosi kopanikizika chonchija, ndi kutentha kwa ku Moatize kumene mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto, bwenzi ikuzima musanamalize kuphika tiyi. Mwana amakuliramo mu nsapato, koma kompyuta siikula. Mmene anaipangira ndi momwemo.

Ndiye ngati mudzafune yamphamvu, dzina lake liyambe ndi 4 pambuyo pa kamzere ndipo lithere ndi T, monga i5-4570T kapena i5-4590T. Musadzapitenso chimanjamanja. Kunsi kwa kompyutayo kuli kapepala ka dzina ndi nambala yake. Kajambuleni pa telefoni, mujambulenso purosesadoro yakaleyo, ndipo wogulitsa ayang'ane pa mndandanda wa amene anapanga kompyutayo ngati imene mukufunayo ilipo. Zina zimafuna kuti pulogalamu ya mkati mwa bolodi ikonzedwe kaye, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri.

Koma mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pali nkhani yabwino. Ine ndikukayika ngati purosesadoro ya a Dinis inatopa n'komwe. Kompyuta yolira ngati ndege kenako n'kuuma nthawi zambiri imakhala ikubanika. Purosesadoro ikatentha kwambiri imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Bulangete la malasha munachotsa lija, ndi phala louma lija, ndiye akuoneka ngati matenda ake. Sindingalumbire ndisanaione, koma n'kutheka kuti kompyutayo munaichiza kale Lachisanu, musanakwere n'komwe shapa.

Choncho sabata ino ku Zóbuè musapiteko. Bwezeranimo yakale. Musanatero, tulutsani kompyutayo pa khonde masana, muyang'ane mu soketi. Muli timawaya tosaoneka bwino, tonse togonera mbali imodzi ngati udzu wopitidwa ndi madzi. Jambulani ndi telefoni, mukulitse chithunzicho. Mukaona pena pothimbirira kapena powala mosiyana, ndiye kuti pamene munatsitsa kachitsulo paja tina tinapindika. Musatikhudze ndi chala, singano kapena mswachi. Tsekani, nyamulani zonse mupite kwa wokonza makompyuta tsiku lomwelo. Ngati tonse tili bwino, gwirani kaye chitsulo cha chitseko kapena cha windo kuti magetsi a m'thupi achoke, mugwire purosesadoroyo m'mbali mokha, ndipo mulunjikitse timipata tija pa timano take. Yake yeniyeni imangokhala yokha, phee, popanda kukankha. Ikakhala mofanana mbali zonse, pamenepo ndiye mutsitse kachitsulo.

Phala lotuwa lija si uve. Limatchedwa pasita terimika, ndipo ndi limene limatenga kutentha kuchoka pa purosesadoro kupita ku chitsulo cha kafani. Lakale louma linayenera kuchoka ndithu, munachita bwino, koma pafunika latsopano. Amagulitsa m'timachubu m'masitolo a zamakompyuta ku Moatize konko kapena mu Tete. Pukutaninso kunsi kwa chitsulocho ndi kansalu kouma, dontheza pakati kadontho kamodzi ngati njere ya nandolo, n'kumanga. Mankhwala otsukira mano ndi a mano. Amauma tsiku limodzi, ndipo ali ndi madzi. Musayatse kompyutayo ngakhale kamphindi popanda pasita ndi kafani.

Ikayaka musavine msanga. Yatsani kamera, muisiye maola ofanana ndi a mayeso, masana dzuwa lili pamutu. Ikapirira, mwapambana. Ikauma, vuto lili pena, mwina pa memori kapena pa intaneti, ndipo katswiri aione Loweruka lisanathe. Mulimonsemo, a Dinis apezeretu kompyuta ina yobwereka yodikirira Lolemba, ndipo afunse kusukulu kwawo ngati n'zololedwa kusintha makina. Mayeso a miyezi isanu ndi itatu sitiwakoleka pa msomali umodzi.

Mwaona kuti ndatchula a Dinis? Funso lanu lomaliza yankho lake ndi ayi. Mwina mungathe kukonza iwo asanabwere, koma musabise. Mayesowo ndi awo. Ndi iwo akudziwa mnzawo amene ali ndi kompyuta, ndi iwo ali ndi nambala ya aphunzitsi. Mukawauza lero, ali ndi masiku anayi okonzekera. Mukadikira kuti aone okha Loweruka, atsala ndi Lamulungu lokha, masitolo ali otseka. Chete amene mukumuopayo amakula ndi kubisa. Muwauze monga mwandiuzira ine, osasiya kachingwe kofiira. Mwamuna amene angamve nkhani ya phazi lija osaseka ndiye kuti mano akumupweteka. Akhumudwa pang'ono, ndi ufulu wawo, koma adziwanso kuti ali ndi mkazi amene anamva dandaulo lawo n'kulinyamula mpaka ku malire.

Chenjezo langa ndi la mwana. Mbale ya timasikuluwu ichoke pa mphasa ipite pamwamba pa kabati tsopano lino. Pa bolodipo palinso kabatire kozungulira konyezimira ngati kandalama. Musakachotse, ndipo Pililani asakayandikire. Mwana akameza kameneko kamawotcha kum'mero m'maola ochepa, ndipo ndi nkhani yothamangira nayo kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti ayambe kulira.

Mayeso akatha, kabwezeni maseveni anu kwa a Amade, ndipo muwafunse ngati angakuphunzitseni zina. Munthu amene amaona bairo yokongola mkati mwa kompyuta asathere pa setima. Kachingwe kofiira kasungeni, phazi la Pililani silidikira. Kobiriwirako kapumitseni, m'malo mwake muziyenda ndi kaneta.

Dzina lanu pansi pa kalata ndalibisa monga munapempha. Koma inu nomwe mwalitchula pakati pa nkhani, pamodzi ndi la amuna anu, la mwana, la oyandikana nawo ndi bairo yomwe. Nyuzi ino imafika ku Mualadze ndi shapa ya masana, ndipo kumeneko anthu amawerengerana mokweza. Muli ndi m'mawa uno wokha. Ikani pepalali pansi, muwaimbire.

Aphungu